Woyimba akaipa, nyimbo nayo tiitaye?

Lamlungu lapitali pakhonde panga panabuka mkangano umene unaziziritsa nsima. Tinalipo anthu atatu: ine, mnzanga wina amene tinadya naye mavuto ku Mangalande m'zaka za m'ma 1980, ndi mdzukulu wanga wamkazi amene ali ku koleji. Mtsikanayu, pofuna kusangalatsa nkhalamba ziwiri, anatsegula pa foni yake nyimbo ya gulu la The Smiths yotchedwa "There Is a Light That Never Goes Out". Gitala atangoyamba kulira, ine mtima unali utafika kale ku Manchester. Koma mnzanga uja anabweza mbamu m'mbale nati: "Iwe mwana, tazimitsa zimenezo. Munthu akuyimbayo ife satifuna."

Mwana anadabwa nayang'ana ine. "Agogo, kodi si inu mumati iyi ndiyo nyimbo yanu yapamtima?"

Ine ndinatembenukira mnzangayo. "Achimwene, nyimboyi si inu munkaikuwa m'galimoto muja mpaka mau kusasa?"

"Ndinkayimba ndisanadziwe," iwo anatero. "Lero ndikudziwa."

Tinakangana mpaka dzuwa kulowa ndipo palibe amene anagonja. N'chifukwa chake nkhaniyi ndaibweretsa pabwalo lino kuti tiunikire limodzi. Ndikudziwa kuti ena mwa inu gulu limeneli simunalimvepo, ndipo mukhoza kufunsa kuti nyimbo ya azungu ya m'chaka cha 1986 ikutikhudza bwanji. Lezani mtima. Funso lake ndi la munthu aliyense amene anakondapo nyimbo: amene anakuyimbira mau okutonthoza akadzayamba kulankhula zokubaya, nyimbo ija uitaye kapena uisunge? Ine ndinena mosapsatira mau. Nyimbo ndikuisunga, koma woyimbayo sadzaonanso khobidi langa pakhomo la holo. Ndifotokoza chifukwa chake.

Poyamba tidziwe kumene nyimboyi inachokera. Gulu la The Smiths linayamba mu 1982 mu mzinda wa Manchester, pamene mnyamata wa zaka 18 wodziwa gitala, Johnny Marr, anakagogoda pakhomo pa Steven Morrissey ku Stretford kukamupempha kuti azipeka limodzi nyimbo. Kenaka anatenga Andy Rourke woliza besi ndi Mike Joyce woyimba ng'oma. Gululi linangokhala zaka zisanu basi, pakuti linatha mu 1987, koma linasiya zimbale zikulu-zikulu zinayi zimene anthu sanatope nazo kukambirana mpaka lero.

Nyimbo zawo zinkatuluka kudzera ku kampani ya Rough Trade, imene inayamba ngati kasitolo kogulitsa zimbale ka Geoff Travis kumadzulo kwa London mu 1976. Apa ndi pamene pali gwero la mau akuti indie amene ana athu amangowatchula masiku ano. Ndi chidule cha mau a Chingerezi otanthauza kudziyimira pawekha. Nthawi imeneyo msika wa nyimbo unali m'manja mwa makampani ochepa akulu-akulu monga EMI ndi CBS. Makampani ang'ono-ang'ono ankajambula ndi kugawa zimbale paokha, ndipo kuyambira mu 1980 anali ndi mndandanda wawo-wawo wa nyimbo zogulidwa kwambiri. Wokonda nyimbo zoterezi ankadziona ngati munthu wosagulika, woima ndi onyozeka, wosayendera chigulu-gulu. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndiyo ikuchititsa kuti chilonda cha lero chikhale chakuya.

Nyimbo tikukambayi ili m'chimbale cha "The Queen Is Dead" chimene chinatuluka mu June 1986 n'kufika pa nambala 2 pa mndandanda wa dziko lonse la Britain. A Travis ankafuna kuti ituluke payokha kuti ikope mawailesi, koma a Marr anakana nasankha ina. Ngakhale zinali choncho, kumapeto kwa chaka chomwecho omvera pologalamu ya John Peel pa BBC Radio 1 anaivotera kukhala nyimbo yoposa zonse ya chakacho. Inadzatuluka payokha mu 1992, gulu litatha kale, ndipo inangofika pa nambala 25. Mbiri yake yakhala ikukula pang'ono-pang'ono ngati mlambe. Achinyamata ambiri anaidziwira mu kanema wa ku America wa mu 2009 wotchedwa "500 Days of Summer", ndipo mu 2013 nyuzipepala ya nyimbo ya NME inaika chimbale chija pamwamba pa zimbale zonse zimene zinatulukapo.

Nkhani ya m'nyimboyi ndi yaifupi. Munthu wakwera galimoto ya mnzake usiku mu mzinda, ndipo akuopa chinthu chimodzi: kuti ulendo utha, amutsitsa pakhomo pamene samulandiranso. Woyendetsayo amamukonda, koma pakamwa pauma, sangathe kumuuza. Akufika poganiza kuti ngakhale ngozi ya pamseu ikanakhala yabwino kusiyana ndi kulekana naye. Azungu ena mbali imeneyi amaiseka, ati ndi nthabwala za anyamata odzimvera chisoni, ndipo n'zoona kuti kanthabwala kalimo. Koma ine sindinaimve choncho.

Ndinafika ku Manchester mu 1984 ndi sutukesi imodzi. Monga ambiri a inu amene munali kunja zaka zimenezo, kwathu kunali kosabwererako. Masana ndinkaphunzira, usiku ndinkagwira ganyu pamalo ena ophikira buledi, ine ndi achimwene anga a pakhonde aja. Tinkaweruka 3 koloko m'bandakucha, nthawi imene basi ndi yosowa ndipo chisanu chimaluma mpaka m'mafupa. Mnzathu wina wa pantchitopo, mwana wa makolo a ku Ireland, anali ndi kagalimoto kakale kofuna kukankha, ndipo ankatikweza. M'galimotomo munali kaseti imodzi yokha, ndipo inali ya The Smiths. Poyamba tinkamuseka. Ife okulira pa rumba ndi simanje-manje tinkati izi si nyimbo koma munthu akudandaula mutu. Koma khutu lilibe chitseko. Patatha miyezi iwiri, tonse atatu tinali kuyimba.

Kumapeto kwa 1986 mayi anga anamwalira kumudzi. Kalata inandipeza patatha masabata atatu ataikidwa kale m'manda. Usiku umenewo ndinapitabe kuntchito, pakuti ganyu sadziwa maliro. Poweruka, titafika pakhomo la nyumba imene ndinkachita lendi, miyendo inakana kutsika. Kachipinda kaja, ka mbaula ya gasi yoponyamo makobidi, kanandiopsa ngati dzenje. Mnyamata uja anandiyang'ana, osafunsa kanthu, nalizanso galimoto. Tinazungulira Oxford Road, Rusholme, Moss Side mpaka kunja kunayera, iye akungobweza kaseti pa nyimbo yomweyo. Maliro a mayi anga ndinakhuza amenewo. Tsono munthu akandiuza kuti ndiitaye nyimbo imeneyi, adziwe kuti akundiuza kutaya chiyani.

Koma achimwene aja sakulankhula zopanda mutu, ndipo ndingakhale wabodza nditabisa zimene zikuwawawa. Gulu litatha, a Morrissey anapitiriza kuyimba paokha, ndipo zizindikiro zinayamba msanga. Mu 1988 anatulutsa nyimbo ya "Bengali in Platforms" imene ambiri anaimva ngati ikuuza mlendo wa ku Asia kuti ku Britain si kwawo. Mu August 1992 pa Finsbury Park mu London anadzikulunga mbendera ya Britain pamaso pa khamu limene munali anyamata ometa mipala odziwika ndi tsankho, ndipo nyuzi ya NME inafunsa patsamba loyamba ngati akusewera ndi moto. Mu 2007 anauza nyuzi yomweyo kuti kuchuluka kwa anthu obwera kukuzimiriritsa chikhalidwe cha Britain. Mu 2010, pokwiya ndi nkhanza zochitira nyama ku China, anauza nyuzipepala ya The Guardian mau oika anthu a ku China pansi pa anthu ena onse. Mu 2018 ananena poyera kuti akuchirikiza chipani cha For Britain cha mayi Anne Marie Waters, chipani chaching'ono chimene chinkadziwika ndi kudana ndi Chisilamu komanso kubwera kwa alendo, ndipo mu May 2019 anavala baji ya chipanicho poyimba pa wailesi ya kanema ya ku America. Chipanicho chinatha mu 2022, koma baji ija anthu sanaiiwale.

Chilungamo chimafuna kuti mbali inayo nayonso imveke. A Morrissey akhala akukana kuti iwo ndi atsankho. Anaisumira nyuzi ya NME chifukwa cha mmene inalembera nkhani ya mu 2007, ndipo mu 2012 nyuziyo inapepesa, kunena kuti siikhulupirira kuti iwo ndi munthu wosankha mitundu. Mu 2008 anathandiza ndi ndalama msonkhano wa nyimbo wa bungwe la Love Music Hate Racism. Mu 2024, pamene malo a achinyamata a Salford Lads Club, pamene gululi linajambulitsa chithunzi chake chotchuka, anali pafupi kutsekedwa, iwo anapereka mapaundi 50,000. Ndipo ku Los Angeles ali ndi chikhamu cha owakonda ochokera m'mabanja a ku Mexico, anthu amene amadziwa bwino tanthauzo la kukhala mlendo. Ine mumtima mwa munthu sindingalowemo. Chimene ndingaweruze ndi baji imene anavala masana dzuwa likuswa mtengo, popanda womukakamiza.

Kwa achimwene anga nkhaniyi si ya m'nyuzipepala chabe. Iwo ndi Msilamu, ndipo mwana wawo wamkazi anatsalira ku Mangalande komwe amagwira ntchito ya unamwino, atavala mpango wake kumutu. Mu August 2024, pamene magulu achiwawa ankagenda mizikiti ndi mahotela osungirako othawa kwawo m'mizinda ingapo ya dzikolo, mtsikanayu anakhala masiku angapo akuopa kutuluka yekha. Palibe amene akunena kuti woyimba ndiye anatuma anthu amenewo. Koma bambo amene anagona maso podikira foni ya mwana wake ali ndi ufulu wonse wonyansidwa ndi mau a munthu amene anavala baji ija. Pamenepo sinditsutsana nawo. Pamene tikusiyana ndi pakuti iwo akuti nyimbo nayo yadetsedwa, ndipo ine ndikuti ayi. Ndili ndi zifukwa zitatu.

Choyamba, nyimboyi si ya munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili analisenza anthu anayi. Maliridwe ake anapeka ndi a Marr. Besi imene imayenda pansi ngati mtsinje ndi ya a Rourke, amene anamwalira mu May 2023 ali ndi zaka 59. Zija zimamveka ngati gulu la oliza vayolini si vayolini konse ayi, ndi makina otchedwa Emulator, chifukwa ndalama yolembera oyimba ambiri panalibe. Ndipo tamverani ichi. A Marr anaulula okha kuti kagundidwe kotsegulira nyimboyi anakatenga ku "Hitch Hike", nyimbo ya Marvin Gaye ya mu 1962, kudzera m'mene gulu la Rolling Stones linaiyimbira. Tsono chitseko cholowera m'nyimbo imene akuti ndi ya Chingerezi cheni-cheni anachisema ndi munthu wakuda wa ku Motown.

Mu 1996 a Joyce anatengera anzawo awiri aja kukhothi, chifukwa pa ndalama za zimbale ndi za m'mabwalo a Morrissey ndi a Marr ankatenga magawo 40 pa 100 aliyense, pamene woyimba ng'oma ndi woliza besi ankalandira 10 okha. Khothi linagamula kuti a Joyce ayenera 25, kutanthauza kuti gululo linali la anthu anayi ofanana. Ndinawafunsa achimwene kuti: mukataya nyimbo yonse chifukwa cha munthu mmodzi, kodi simukumupatsa iyeyo magawo 100 onse, zimene ngakhale jaji anakana? A Marr, amene akhala akusonyeza poyera kuti sagwirizana ndi ndale za mnzawo wakaleyo, amayimbabe nyimboyi m'mabwalo, ndipo kawiri-kawiri ndiyo amatsekera. Alakwanji iwo?

Chachiwiri, tiyang'ane amene analemba mau aja. Makolo a Morrissey anachokera ku Dublin, a Marr anachokera ku Athy m'chigawo cha Kildare. Onse anali alendo odzafuna ntchito ku Manchester, m'nthawi imene munthu wa ku Ireland ankanyozedwa ndi kukanizidwa nyumba ya lendi. Mnyamata amene analemba za munthu wopanda khomo lomulandira anali mwana wa obwera. Ndipo kodi mukudziwa kuti gululi linayimba komaliza pabwalo liti? Pa 12 December 1986 ku Brixton Academy mu London, pa msonkhano wa Artists Against Apartheid, wopezera ndalama zothandiza nkhondo yolimbana ndi tsankho la ku South Africa. Unayenera kuchitika mwezi wam'mbuyo mwake koma unasinthidwa chifukwa a Marr anachita ngozi ya galimoto. Zimenezi zinachitika ndithu, ndipo nkhalamba ya mu 2019 singathe kuzifufuta. Ine nyimbo ija ndimaimva ngati mboni. Ndi mnyamata wa mu 1986 akuyima m'bokosi kutsutsa bambo amene anadzasanduka. Kodi mboni yonena zoona timaitulutsa m'khothi chifukwa chakuti ndi m'bale wake wa wozengedwa mlandu?

Chachitatu, nyimbo ikatuluka m'nyumba imakhala ngati mwana wamkazi wokwatiwa: makolo alipo, koma ali ndi banja lake. Woyimba wa ku Australia, Nick Cave, analemba mu 2019 ganizo lofanana ndi limeneli pa nkhani yomweyi, kuti nyimbo ikafika kwa anthu siikhalanso m'manja mwa wolemba yekha. Pofuna kuyesa ganizoli, tikumbukire nkhani ya a David Cameron, amene anali nduna yaikulu ya Britain kuyambira 2010 mpaka 2016. Mkuluyu ankakonda kunena kuti amakonda The Smiths, ndipo mu 2006 anasankha nyimbo yawo ya "This Charming Man" pa pologalamu ya Desert Island Discs. Mu December 2010 a Marr analemba pa Twitter kuti akumuletsa kukonda gululi. Tonse tinaseka, ine ndemwe, chifukwa mwana wa sukulu ya Eton kuyimba nyimbo za ana a anthu osowa ntchito ndi zoseketsadi. Koma nditaganiza bwino kuseka kunatha. Ngati tivomereza kuti wopeka nyimbo ali ndi mphamvu yosankha amene angaikonde, ndiye kuti mawa a Morrissey akhoza kundiletsa ine. Mphamvu imeneyo sindiipereka kwa aliyense.

Apa pali malire amene ayenera kuoneka. Kukonda nyimbo m'nyumba mwako ndi kwina, kuitenga kukakopera mavoti ndi kwina. Pamene a Marr anadandaula mu January 2024 atamva kuti nyimbo ina ya gululi ikulizidwa pa misonkhano ya a Donald Trump, anali m'chilungamo, pakuti pamenepo thukuta la munthu likugulitsa katundu amene mwini wake sakumufuna. Koma khutu la munthu wamba lilibe mwini wina.

Tsopano ndilankhule kwa anzanga a mbali inayo, amene atawerenga mpaka apa akuomba m'manja. Musafulumire. Pali okonda The Smiths ambiri amene amati luso ndi luso, ndale ndi ndale, ndipo akatero amagula tikiti, malaya ndi chimbale chatsopano ngati palibe chachitika. Amenewa ndikusiyana nawo kwambiri kuposa mmene ndikusiyanirana ndi achimwene anga. Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo, koma sanati ukadziwa nyimbo anthu asiye kuona kuipa kwako. Kukhala ndi mau okoma si chiphaso chonyozera anthu. Woyimba wina wa ku Britain, Billy Bragg, amene anayendapo ndi gululi, anadzudzula a Morrissey mu 2019 kuti agwiritsa fuwa lamoto anthu amene anawakhulupirira, ndipo ndikuona kuti sanalakwe. Anthu aja anali onyozeka, amanyazi, osowa anzawo, ndipo anauzidwa kuti muno ndi mwanu. Lero ena a iwo akumva kuti pakhomo paja paikidwa mlonda woyang'ana khungu ndi chipembedzo.

Mu 2019 sitolo ya Spillers ya ku Cardiff, imene inayamba mu 1894, inasiya kugulitsa zimbale za a Morrissey, ndipo kampani ya sitima ya Merseyrail ku Liverpool inamatula zikwangwani zotsatsa chimbale chawo. Ena anakuwa kuti ufulu wolankhula waphedwa. Tisasokoneze zinthu. Ife amene tinakula m'dziko limene bungwe la boma linaletsa ngakhale nyimbo ya "Cecilia" ya Simon and Garfunkel tikudziwa maonekedwe a chiletso cheni-cheni: chimabwera ndi wapolisi. Mwini sitolo akakana kuika katundu pa shelefu yake, ameneyo akugwiritsa ntchito ufulu womwewo umene woyimba anagwiritsa ntchito povala baji. A Morrissey sanamangidwe, akuyimbabe, akulankhulabe. Ali ndi ufulu wonena, ine ndili ndi ufulu wobweza chikwama m'thumba.

Wina anganditole pamenepa nati: nanga mdzukulu wanu akaliza nyimboyo pa intaneti, kodi kakhobidi sikapita kwa munthu yemweyo? N'zoona, kamapita, ndipo sindidzinamiza kuti manja anga ndi oyera mbee. Koma kakhobidi komweko kamagawidwanso kwa enawo. Tikiti ya pakhomo la holo ndi nkhani ina, pakuti imeneyo ndi voti. Ukukhala m'khamu limene likuuza munthu kuti pitirizani, tili nanu. Voti imeneyo ine sindiponya.

Pali chinthu china chimene chinandibwerera usiku, mkangano utatha, ndipo ndi chimene chandilembetsa zonsezi. Kodi kweni-kweni tikamapukwa nyimbo yakale timakhala tikupukwa chiyani? Tikakumana ife amene tinali ku Mangalande timakamba ngati kunali ku paradizo. Taiwala kuti mu 1986 anthu oposa 3 miliyoni analibe ntchito m'dzikolo. Taiwala kuti ku Moss Side kumene tinkadutsa usiku kunali kutayaka moto wa zipolowe mu 1981. Ine ndaiwala mayi wina amene anandiuza pa foni kuti chipinda chilipo, koma ataona nkhope yanga pakhomo anati changotengedwa kumene. Ndaiwala malovu amene anyamata ena anandilavulira pa siteji ya basi, chaka chomwecho chimene ndinkayimba nyimbo ija. Chimene tikupukwa si Mangalande ya mayi Thatcher ayi. Tikupukwa mawondo athu asanayambe kuphwanya, ndi anzathu asanayambe kutsogola.

Ndipo apa ndi pamene ndikuopa. Matenda a a Morrissey ndi omwewa. Kuyambira pachiyambi nyimbo zawo zinali zolira Mangalande yakale, ya m'makanema akuda ndi oyera a m'ma 1960, amene zithunzi za osewera ake ankaziika pa zikuto za zimbale. Kupukwa kumeneko ndiko kunakometsa nyimbo. Koma munthu ukapukwa zakale kwa nthawi yaitali umayamba kufuna wina womuloza chala kuti ndiye anazichotsa, ndipo chala chimenecho sichichedwa kugwera mlendo. Uchi ndi ululu zinachokera mumng'oma umodzi. Tsono ife okonda nyimbo zakale tisamale, pakuti njira imene anayenda mkuluyu ili pafupi ndi khomo la aliyense amene amayamba chiganizo ndi mau akuti kale zinthu zinali bwino.

N'chifukwa chake ndinakondwa mu 2024 pamene zinamveka kuti panali pempho la ndalama zambiri lakuti gululi liyimbenso limodzi, a Morrissey navomera, koma a Marr nakana. Okonda gululi ambiri anadandaula. Ine ndikuti a Marr anatichitira chifundo. Woliza besi ali m'manda, otsalawo sakumwerana madzi, ndipo ife amene tikanadzaza bwalolo tikanapita kukafuna unyamata wathu, katundu amene palibe woyimba angamugulitse. Zina zimakoma chifukwa zinatha.

Tsono mlandu wa pakhonde paja ndaugamula motere. Achimwene anga akabwera, nyimbo ija siilira, chifukwa mlendo samulandira ndi chimene chimamupweteka, ndipo ubale wa zaka zonsezi suyenera kufera kaseti. Akapita, ndiiliza, ndipo ndidzakumbukira mayi anga ndi mnyamata wa ku Ireland uja amene anawotcha petulo wake usiku wonse chifukwa cha munthu wakuda amene sankadziwa n'komwe mudzi wake. Mdzukulu wanga ndamuuza nkhani yonse, ya Brixton ndi ya baji yomwe, osachotsapo kanthu, kuti akaikonda aikonde maso ali otsegula. Kubisira mwana mbali imodzi, kaya yokoma kaya yowawa, ndiko kumunamiza.

Achimwene alonjeza kuti abweranso Lamlungu likudzali, ati mlandu suwola. Ndawakonzera kale Marvin Gaye. Ndikufuna ndione nkhope yawo akadzamva kagundidwe koyamba kaja.

Nanga inu awerengi mukuti bwanji? Aliyense ali ndi woyimba wake amene anamukhumudwitsa. Munataya kaseti kapena munaisunga pansi pa sutukesi? Tilembereni, pakuti nyimbo imodzi sachezera gule.